Masipoko a M'kamwa

Ine ndimawongola mawilo pa Kapata,
pansi pa lata limodzi, kuseri kwa ogulitsa makala.
Anyamata a njinga amabwera nawo atapindika
ndi matumba a mtedza ochokera ku Chiparamba,
onse ali pachangu.
Ndimawauza: khala pa njerwapo, sipoko sakakamiza.

Tilyenji, wachitatu wanga,
anakula akuseka dzanja lili pakamwa.
Mano awiri akutsogolo ankafika kusukulu iye asanafike.
Anzake ku Mchini anamupatsa dzina.
Sindilitchula.

Ndinagulitsa makina owotcherera,
Mayi Shawa namumanga kawaya m'kamwa.
Popeza zala zanga zimadziwa waya, ndinafunsa:
bwanji osakungiratu lero,
tisamabwerebwere mwezi ndi mwezi?

Sanaseke. Anatembenuza kakhadi, najambula dzino.
Ili, anatero, silinakhomedwe m'fupa ngati msomali.
Likulendewera.
Pakati pa muzu ndi fupa pali kampata
kopyapyala kuposa chikhadabo chanu chakudacho,
m'menemo tiulusi tosawerengeka,
tagwira uku, tagwira uko.
Ndinati: masipoko.
Anati: inde, koma amoyo.

Pakati pa tiulusito mumakhala maselo.
Alibe maso, alibe makutu,
chilankhulo chimene amamva ndi kulemera basi.
Amene apanikizika amatuma mawu: gumulani kuno.
Ogumula amabwera, nanyambita fupa
monga Lunkhwakwa amadyera gombe mu Januwale.
Amene akokedwa kumbuyo amaitana omanga,
omanga nayala fupa latsopano pamene dzino lachoka.
Dzino limasamuka, nyumba yake ikusamuka nalo,
khoma lakutsogolo likugwa, lakumbuyo likumera.
Ulendo wa mwezi wathunthu
ndi njere imodzi ya mawere.

Nanga mukakungitsa?
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Magazi amasowa podutsa, bambo.
Maselo amafa osalira.
Dzino limaima nji, ngati lakwiya,
ndipo nthawi zina muzu umadyeka,
kunja kuli koyera bwino, m'kati mwafupika.
Zimenezo sitizibweza.

Ndinatuluka, phiri la Kanjala lili gwa pamalo pake,
ine ndikuganiza za Penyani, woyamba wanga.
Ameneyo ndinamukunga tsiku limodzi.
Masamu ndi lamba, tchalitchi ndi lamba,
ngakhale kagwiridwe ka sipanala.
Anawongoka, anthu ankayamikira.
Tsopano ali ku Petauke, chaka chachinayi,
foni yake imalira mpaka kutopa.

Usiku woyamba Tilyenji sanagone.
Ankati mano onse akuyankhulana.
Amake anamukandira peyala m'mbale,
nzimbe imene ndinabweretsa mwachizolowezi
inatsamira pakona mpaka kufota.
Ndinakhala pakhomo kumvetsera kubuula kwake,
ndikudziwa kuti m'katimo, mumdima wonyowa,
tianthu tosaoneka tanyamuka ndi makasu,
tina ndi njerwa,
popanda kapitao, popanda wokalipa,
tangomva kuti china chikukankha
ndipo sichikusiya, ndipo sichikupha.

Miyezi isanu ndi iwiri yapita.
Sindinaonepo dzino likuyenda,
ngakhale m'mawa uliwonse ndimaba ndi diso.
Koma dzulo, mkate uli m'manja onse awiri,
anaseka za mbuzi ya aneba imene inalowa m'bafa.
Dzanja silinakwere.
Iye sanazindikire. Ine ndinayang'ana pansi.

Lero ndili ndi wilo la a Zgambo pakati pa mawondo.
Ndipotoza pang'ono, ndizunguza, ndimvetsera
pamene likukhudza.
Ndimasula mbali iyi kuti inayo ikoke.
Pang'ono chabe. Ndizunguzanso.

Masana ndapukuta girisi pa buluku,
ndalemba ku Petauke mawu anayi:
mvula yayamba kuno, wadzuka?
Sindinaonjezepo.
Foni ndaiika pa lata, pafupi ndi masipoko.
Mwezi wamawa ndidzalembanso.